Funsani Dokotala: Kodi magazi angaonetse nyongolotsi ya mu ubongo?

Adokotala, amuna anga a zaka 34 anayamba kugwa khunyu chaka chatha, pomwe kale analibe vutoli. Kuchipatala chaching'ono anati mwina ndi tizilombo ta mu ubongo, tipite akawajambule, koma sitinapite. Ndawerenga kuti asayansi amatha kudziwa matendawa poyeza magazi kapena mkodzo. Kodi sitingangochita zimenezo? Panopa ndinawagulira mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo ana ndinawaletsa kudya nawo mbale imodzi. Mayi wa ku Dedza.

Mayi, za magazi ndiyankha, koma nkhani ya mbaleyo yandikhudza kwambiri. Aloleni bambo adye ndi ana awo kuyambira lero. Khunyu sapatsirana. Thovu lotuluka mkamwa munthu akagwa ndi malovu basi, ndipo mpweya kapena mkodzo wake sungadwalitse wina. Chikhulupiriro choti khunyu amapatsirana chapundula anthu ambiri. Munthu amagwera pamoto abale ataima patali kuopa kumukhudza, kenako kuchipatala timalandira manja opsa mpaka zala kumatirirana, pomwe kungomukoka kukanamupulumutsa. Bambo akagwa, agonekeni chammbali, atalikitseni ku moto ndi madzi, ndipo musawaike supuni kapena chala mkamwa. Kugwako kukapitirira mphindi 5, thamangirani kuchipatala.

Chomwe achipatala akukayikira ndi nyongolotsi yotchedwa Taenia solium. Munthu akadya nyama ya nkhumba yosapsa bwino, yokhala ndi timatuza toyera tonga mpunga, nyongolotsiyi imakulira m'matumbo mwake ndipo mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Wina akameza mazirawo kudzera m'manja osasamba, ndiwo zamasamba kapena madzi, tiana take timayenda ndi magazi mpaka kukakhazikika mu ubongo n'kupangamo timatuza. N'chifukwa chake ngakhale wosadya nkhumba amadwala. Choncho choopsa kwa ana anu si malovu a bambo awo ayi, koma manja ochokera kuchimbudzi osasambidwa ndi sopo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati kumadera kumene nyongolotsiyi ndi yofala, pafupifupi anthu 30 mwa 100 aliwonse odwala khunyu amadwala chifukwa cha iyo. Timatuzati timatha kukhala zii kwa zaka, n'kudzayambitsa khunyu tikayamba kufa ndi kutupitsa ubongo.

Zomwe mwawerengazo ndi zoona ndithu. Tizilombo tikamadya ndi kukula m'thupi timasiya zotsalira zake, ndipo thupi nalo limasintha kagwiritsidwe ntchito ka shuga ndi mafuta polimbana nato. Ofufuza akusanthula zizindikiro zimenezi m'magazi, mumkodzo ndi m'madzi a mumsana kuti mtsogolo matendawa azidziwika mosavuta. Koma ntchitoyi idakali ya kafukufuku. Ngakhale njira zoyezera magazi zomwe zilipo kale zimatha kuphonya ngati katuza kali kamodzi, ndipo sizinena kuti timatuza ndi tingati kapena tili pati. Zimenezi zimaoneka pa makina ojambula mkati mwa mutu otchedwa CT kapena MRI, omwe amapezeka m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Komanso khunyu woyamba munthu atakula akhoza kuchokera ku chotupa, TB, kapena kachilombo ka toxoplasma mwa amene ali ndi HIV, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake.

Mapiritsi munagulawo, chonde aleke. Mankhwala a njoka za m'mimba monga albendazole ndi praziquantel amaphadi timatuzati, koma tikafa tambiri nthawi imodzi ubongo umatupa, khunyu n'kukulirakulira. Ife timawapereka titaona kaye chithunzi, pamodzi ndi mankhwala ochepetsa kutupa, ndipo odwala ena sitiwapatsa n'komwe. Ndiponso mayi, chaka chathunthu ndi nthawi yaitali kusunga munthu wogwa pakhomo.

Sabata ino pitani nawo kuchipatala cha boma cha Dedza, mutenge buku lawo lakuchipatala ndi mapiritsi aja. Mufotokozere dokotala mmene amagwera: mbali imene imayamba kugwedezeka, nthawi imene zimatenga, ngati mutu umawawa kapena amasanza. Pemphani kuti ayezedwe HIV, ayambe mankhwala oletsa kugwa monga carbamazepine kapena phenobarbitone, ndipo akulembereni kalata yokajambulitsa. Mankhwalawo azimwa tsiku lililonse, asaleke chifukwa apeza bwino. Mpaka dokotala atawalola, asayendetse njinga yamoto, asakwere padenga, asasambe kumtsinje okha. Nonse a pakhomopo mukayezetsenso chimbudzi, chifukwa mwina amene akusunga nyongolotsi yoikira mazirayo ali m'nyumba momwemo.