Kodi kusintha ndekha masipiling'i a galimoto kungandipulumutsire ndalama?

Funso: Ndili ndi Toyota Sienta imene ndimanyamulira anthu pakati pa Limbe ndi Bvumbwe. Posachedwapa galimotoyi yatsika kumbuyo, ndipo ndikamadutsa pa mahampu imagunda pansi. Makaniko akuti masipiling'i atha, koma ndalama zimene watchula zandichulukira. Mwana wa achimwene anga wandionetsa pa YouTube momwe amasinthira, choncho ndikuganiza zokagula masipiling'i ogwirapo kale ntchito ku Ndirande n'kudzasintha ndekha pakhomo. Kodi ndi nzeru imeneyi?

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Ndikumvetsa chimene chakufikitsani pa ganizo limeneli, pakuti chichokereni pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo za galimoto, zimene pafupifupi zonse zimachokera kunja, zakwera mtengo kwambiri, ndipo mwini galimoto aliyense akufunafuna pamene angachepetse ndalama zotuluka.

Musanagwire sipanala, bwererani kwa makaniko uja mukamupemphe kuti akulekanitsireni mtengo wa zipangizo ndi mtengo wa ntchito ya manja ake. Mukasintha nokha, zipangizo mudzagulabe, ndiye kuti chimene mungapulumutse ndi ndalama ya manja yokhayo. Ambiri mwa anthu amene amajambula makanema a pa YouTube ali ku America kapena ku Ulaya, kumene ola limodzi la makaniko ndi lokwera mtengo kwambiri, komanso iwo amakhala ndi zida zonse pakhomo pawo. Kwathu kuno zinthu n'zotembenuka: kawirikawiri zipangizo ndiye zimadya ndalama zambiri, pamene ntchito ya manja imakhala gawo laling'ono, ndipo mungathe kunenerera. Pa ndalama yochepayo muchotsepo yobwerekera zida, muchotseponso imene galimoto ikanapanga pa msewu tsiku limenelo, pokumbukira kuti ntchito imene makaniko angaimalize mmawa umodzi, munthu woyamba kumene ikhoza kumutengera tsiku lonse kapena kuposa, makamaka mabawuti akakhala kuti anachita dzimbiri. Chotsalacho ndiye phindu lanu lenileni, ndipo ndikukayika ngati chingakhale chachikulu.

Onetsetsaninso kuti vuto ndi masipiling'idi. Sipiling'i ndi imene imanyamula kulemera kwa galimoto ndi kuisunga pa msinkhu wake, pamene shock absorber imaletsa galimoto kudumphadumpha. Imikani galimoto yopanda katundu pamalo athyathyathya, muyeze kuchokera pakati pa tayala kufika m'mphepete mwa bodi mbali zonse ziwiri. Ngati yatsika ngakhale ili yopanda kanthu, kapena mbali imodzi yapendekeka, sipiling'i yafooka kapena yathyoka. Koma ngati msinkhu uli bwino, ndipo mukaikankhira pansi n'kuisiya imapitiriza kunjanja, kapena mukuona mafuta akuchucha pa shock absorber, vuto lili pamenepo, ndipo masipiling'i atsopano sadzakuthandizani.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi moyo wanu. M'galimoto zing'onozing'ono zambiri, sipiling'i yakumbuyo imakhala payokha, yosiyana ndi shock absorber, ndipo munthu wosamala akhoza kuichotsa atakweza galimoto, kumasula shock absorber ndi kutsitsa ekiselo pang'onopang'ono ndi jeke. Suzumirani pansi pa galimoto yanu muone ngati ili choncho. Ngakhale pamenepo, galimoto iyenera kukhala pa zochirikizira zachitsulo zopangidwira ntchito imeneyi, pa simenti kapena pa nthaka yolimba, matayala akutsogolo atatchingidwa. Njerwa zimaphwanyika mwadzidzidzi, ndipo jeke yosinthira tayala sanaipangire kuti munthu alowe pansi pa galimoto.

Kutsogolo ndi nkhani ina. Kumeneko sipiling'i inazungulira shock absorber pa chipangizo chimodzi chimene amakaniko amati strut, ndipo imakhala yopanikizidwa ndi mphamvu yokwanira kunyamula ngodya ya galimoto pamodzi ndi gawo la kulemera kwa injini. Munthu akamasula nati yapamwamba asanaigwire sipiling'iyo ndi chida chotchedwa spring compressor, imafwanthuka ndi mphamvu yotha kuthyola dzanja kapena nsagwada, ngakhale kupha kumene. Kuimanga ndi waya, chingwe kapena malamba si njira, ndipo ndikukupemphani kuti musayese n'komwe. Ngati strut ikufunika kugwiridwa, ipiteni nayo ku galaja imene ili ndi chida chimenechi, ndipo pa bajeti yanu muwerengerenso ndalama ya wheel alignment (kuwongola matayala kuti aziyenda molunjika), chifukwa mukapanda kutero matayala akutsogolo adzatha mbali imodzi, ndipo mtengo wa matayala awiri inu mukuudziwa bwino.

Pamene mungapulumutse ndalama mosaika moyo pachiswe ndi pogula. Funsani mitengo m'mashopu angapo a ku Limbe ndi ku Ndirande, mutatenga nambala ya chassis, chifukwa Sienta imene injini yake imazungulitsa matayala awiri okha ndi imene imazungulitsa matayala onse anayi zimasiyana kumbuyo. Gulani masipiling'i awiri ofanana, wakumanja ndi wakumanzere, ngakhale wothyoka atakhala mmodzi. Ogwirapo kale ntchito si oipa onse, koma ochotsedwa pa galimoto imene inkanyamulanso anthu m'misewu yathu akhoza kukhala otopa ngati anuwo. Aimikeni pamodzi muone ngati akufanana kutalika, mukane amene ali ndi dzimbiri lolowerera, owotcherera kapena otenthedwa pa moto kuti atalike, ndipo mugwirizane ndi wogulitsa, polemba pa lisiti, kuti mukhoza kubweza ngati sakukwanira. Mukatero, kambiranani ndi makaniko za mtengo wa manja okha.

Pomaliza pali nkhani imene mwina simunaifunse. Sienta inapangidwa kuti izinyamula anthu osapitirira 7 pamodzi ndi dalaivala, ndipo pa msewu wa ku Bvumbwe timadziwa kuti pamwamba pa anthu pamabweranso matumba a kabichi, tomato ndi mbatata. Ndalama ya munthu woonjezera kapena thumba loonjezera imaoneka ngati phindu tsiku limenelo, koma gawo lake mumadzalibweza pa masipiling'i, ma shock absorber, mabushi ndi matayala, kuphatikizapo chindapusa cha apolisi apamsewu ndi vuto lopezera COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu. Tengani kope, mulembe zonse zimene mwawononga pokonza galimoto m'miyezi 12 yapitayi, mugawe ndi masiku amene galimoto inagwira ntchito. Ndalama imene ituluke pamenepo muziipatula madzulo alionse musanawerenge phindu, ndi kuisunga padera pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki, pa akaunti imene simutapamo ndalama ya ndiwo kapena ya mafuta.