Wavulala ndi mmodzi, nanga bwanji timu yonse ikutsimphina?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena amene anapita ku America mu Ogasiti kukaphunzira za unamwino. Akuti timu ya mpira wachimereka ya pasukulu pawo yachita bwino chaka chino ndipo yaitanidwa ku masewera a bowl kumapeto kwa Disembala, koma pamasewera omaliza a ligi quarterback wawo, wosewera amene amatsogolera timu poukira n'kumaponyera anzake mpira, anavulala bondo, ndiye pasukulu ponse pali zii ngati pamaliro. Funso lawo ndi ili: "Timuyi ili ndi anyamata pafupifupi 100, ndipo patsala mwezi wathunthu kuti asewere. Kwathu munthu akavulala amangolowa wina, mpira n'kumapitirira. Kodi anzangawa akungokokomeza, kapena pali zimene ine sindikuona?"

Achemwali, zikomo polemba. Anzanuwo sakukokomeza kwenikweni, koma mwina akulira maliro olakwika. Bondo la mnyamata mmodziyo ndi vuto ndithu. Chimene chimagwetsa timu mu Disembala nthawi zambiri ndi zimene zimatsatira pambuyo pa bondolo.

Ndiyambe ndi kuthandiza owerenga amene sautsata mpirawu. Ligi ya makoleji imatha kumapeto kwa Novembala, ndipo timu imene yapambana masewera osachepera asanu ndi limodzi imatha kuitanidwa kukasewera kamodzi kokha ndi timu ya dera lina, kumzinda wina, pakati pa Disembala ndi kumayambiriro kwa Januwale. Amenewo ndiye masewera a bowl. Akale kwambiri ndi Rose Bowl, amene anayamba mu 1902. Ena mwa masewerawa ndi njira yopitira ku chikho cha dziko lonse, ena ambiri ndi mphoto chabe ya chaka chabwino. Kusiyana kumeneku mukusunge, tikubwererako.

Mwezi umene mukunenawo umathandiza zilonda zing'onozing'ono zokha. Wobinya kakolo, wopweteka phewa, wotupa ntchafu, amenewa masabata atatu kapena anayi amawakwanira, n'chifukwa chake timu zina zimafika pa bowl zili zamphamvu kuposa mmene zinalili mu Novembala. Koma inu a zachipatala mukudziwa kuposa ine kuti mtsempha wa m'bondo umene amautcha ACL ukaduka, ndi opaleshoni ndi miyezi isanu ndi inayi kapena chaka. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Ngati mnyamata wanuyo waduka mtsempha umenewu, muiwale za iye chaka chino.

Ndiye nkhani ya "amangolowa wina". Mu mpira wathu wamiyendo, wosewera pakati akatuluka, anzake khumi aja amagawana ntchito yake mwa apo ndi apo. Quarterback alibe womugawira. Ndiye amalandira malangizo kwa kochi, amawauza anzake, amayang'ana mmene adani aimira n'kusintha zochita pomwepo, ndipo mpira umadutsa m'manja mwake pafupifupi ulendo uliwonse timu yake ikamaukira. Komanso mkati mwa ligi, pokonzekera masewera, woyamba uja ndiye amapatsidwa nthawi yochuluka yoyeserera ndi anzake oyamba. Wachiwiri amakhala pambali, chipewa m'manja, kumangoonerera. Ukamulowetsa mwadzidzidzi, amaponya mpira pamene mnzake sanafike, kapena mnzake atadutsa kale.

Koma zoti timu ikataya quarterback ndiye yatha, ayi. Mu 2014 Ohio State inataya awiri. Braxton Miller anavulala phewa mu Ogasiti ligi isanayambe n'komwe. J.T. Barrett analowa, anasewera bwino kwabasi, kenako anathyoka kakolo kumapeto kwa Novembala posewera ndi Michigan. Anatsala ndi wachitatu, Cardale Jones, chimphona cha mnyamata chimene chinali chisanakhalepo quarterback woyamba pamasewera akoleji ndi kamodzi komwe. Patangotha sabata, Ohio State inakwapula Wisconsin 59 kwa 0. Pa Sugar Bowl inagonjetsa Alabama 42 kwa 35, ndipo mu Januwale 2015 inatenga chikho cha dziko lonse pogonjetsa Oregon 42 kwa 20. Anthu amakumbukira dzanja la Jones, koma ine ndimakumbukira miyendo ya Ezekiel Elliott, amene pamasewera onse atatuwo anathamanga ndi mpira mayadi oposa 200. Amuna asanu akutsogolo aja, amene ntchito yawo ndi kukankha adani ndi kutsegula njira, anali bwinobwino. Mnyamata watsopanoyo sanasenzetsedwe denga yekha.

Tsopano tibwere ku nkhani imene imandiwawabe mpaka lero, ya Florida State mu 2023. Timuyi inali itapambana masewera khumi osagonja. Pa 18 Novembala inkasewera kwawo ku Tallahassee ndi North Alabama, timu yaing'ono yoti akanatha kuigonjetsa ndi osewera a pabenchi. Chigawo choyamba chisanathe, quarterback wawo Jordan Travis anathamanga ndi mpira, wina anamugwira chakumbuyo n'kumugwera, mwendo wamanzere n'kupindikira kumene mwendo supindikira. Ndinaonera kachidutswa kake pafoni m'mawa mwake ndipo sindinakabwereze. Chimene chinandikhala m'maso ndi anzake atamuzungulira, ena atagwada, iye akukwezedwa pa kangolo mwendo utakulungidwa. Masewerawo anapambana 58 kwa 13, koma panalibe wosangalala.

Sabata yotsatira wachiwiri wake, Tate Rodemaker, anawatsogolera n'kugonjetsa Florida 24 kwa 15, koma anamenyedwa m'mutu ndipo madokotala anamuletsa masewera otsatira. Pa ndime yomaliza ya ligi yawo ya ACC analowa wachitatu, Brock Glenn, wa chaka choyamba. Anaponya mayadi 55 okha usiku wonse. Otchinga kumbuyo ndiwo anagwira ntchito, ndipo Florida State inagonjetsa Louisville 16 kwa 6. Masewera 13, onse opambana.

M'mawa mwake, pa 3 Disembala, komiti ya anthu 13 imene inkasankha timu zinayi zolimbirana chikho cha dziko inatchula Michigan, Washington, Texas ndi Alabama. Ziwiri zomalizazo zinali zitagonjapo kamodzi. Florida State inaikidwa pachisanu. Chiyambire komitiyi mu 2014, aka kanali koyamba kuti katswiri wa imodzi mwa maligi akuluakulu asiyidwe kunja asanagonjepo. Wapampando wa komitiyo, Boo Corrigan, sanabise chifukwa chake: popanda Travis, iyi inali timu ina. Ndipo malamulo a komitiyo amalola ndithu kuganizira za kusowa kwa osewera ofunika. Travis analemba pa intaneti kuti akanakonda mwendo wake ukanathyoka koyambirira kwa chaka, kuti anthu aone kuti timuyo siinali iye yekha. Mwana wa munthu kufika polakalaka zimenezo, tangoganizani.

Onani mmene nkhani ziwirizi zikufanirana. Timu zonse ziwiri zinafika pamaso pa komiti ndi quarterback wachitatu. Ohio State inapita ndi 59 kwa 0 m'manja, inalowetsedwa pachinayi. Florida State inapita ndi 16 kwa 6, inatsekeredwa kunja. Ine ndimaona kuti anailakwira, chifukwa ngati kupambana masewera onse sikokwanira ndiye anyamatawo ankathyolerana mafupa chifukwa chiyani? Ena amati komiti inaona bwino, ndipo umboni wawo ndi zimene zinachitika pa 30 Disembala. Umboni umenewo ndimaukana, ndipo chifukwa chake ndi yankho lenileni la funso lanu.

Florida State inatumizidwa ku Orange Bowl kukakumana ndi Georgia. Ndi masewera otchuka, koma chaka chimenecho sankapita kulikonse: upambane, ugonje, chikho palibe. Apa ndi pamene anyamata athanzi anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Jared Verse, Keon Coleman, Trey Benson, Johnny Wilson, onse anati sasewera, akukonzekera kusankhidwa mu NFL, ligi ya akatswiri olipidwa, imene chaka chilichonse timu zake zimasankha osewera ochokera ku makoleji m'ndime zingapo. Ena analembetsa zosamukira kusukulu zina, Rodemaker yemwe, patangotsala masiku ochepa. Pofika tsikulo timuyo inkasowa osewera oposa 20. Ndinakhala maso usiku umenewo, intaneti ikudukaduka, ndipo pofika nthawi yopuma zinali 42 kwa 3. Ndinazimitsa n'kukagona. Zinatha 63 kwa 3, kusiyana kwakukulu kuposa kwina kulikonse m'mbiri ya masewera a bowl mpaka tsikulo. Ngakhale kochi wa Georgia, Kirby Smart, m'malo monyadira anadandaula kuti akuluakulu a mpirawu akonze zinthu. Timu imene inagonja tsikulo siinali yongosowa Travis. Mwendo wake unawachotsera mwayi wa chikho, ndipo mwayi utachoka anthu anabalalika.

Musawaweruze msanga anyamata ochokawo. Amakumbukira Jaylon Smith wa Notre Dame, amene aliyense ankati adzakhala mmodzi mwa oyambirira kusankhidwa mu NFL. Pa 1 Januwale 2016, pa Fiesta Bowl, anavulala bondo koopsa mpaka mitsempha ina kuwonongeka. Anasankhidwa mochedwa, mu ndime yachiwiri, ndi Dallas Cowboys, ndipo anataya ndalama zankhaninkhani. Disembala wotsatira, Christian McCaffrey wa Stanford ndi Leonard Fournette wa LSU anakana kusewera ma bowl awo. Anthu anawanena kuti ndi odzikonda, koma mwezi womwewo Jake Butt wa Michigan anasewera Orange Bowl n'kuduka ACL. Kuyambira pamenepo kukana kusewera kunasanduka chizolowezi. Mnyamata amene kwawo akumudalira, ndipo waona mnzake akutuluka pa kangolo mu Novembala, mukamuuza kuti asewere chifukwa cha dzina la sukulu amangokuyang'anani.

Zinthu zasinthako pang'ono chiyambire 2024, pamene timu zolimbirana chikho zinawonjezedwa kuchoka pa zinayi kufika pa 12. Timu yonga Florida State ija lero ikanalowa, ndipo m'masewera amenewo anyamata sachokachoka. Koma ma bowl enawo, kumene ndikuganiza kuti timu yanu ikupita, vuto lija lilipobe.

Pali mbali ina yabwino imene anzanuwo sakuiona chifukwa cha chisoni. Timu yoitanidwa ku bowl imapitiriza kuyeserera masabata angapo pamene zinzake zatseka, ndipo makochi amaikonda nthawi imeneyi mwina kuposa masewera enieniwo. Quarterback wachiwiri uja, amene chaka chonse ankangogwira chipewa, tsopano ndiye mwini bwalo tsiku ndi tsiku. Kochi wanzeru amataya theka la buku lake la machenjerero n'kusiya zokhazo zimene mwanayo amatha: mipira yaifupi, kuthamanga kwambiri, kudya nthawi. Adani nawonso amavutika, chifukwa alibe mafilimu ambiri a mnyamatayo oti amuphunzirepo. Kuvulala kwa mu Novembala n'kwabwinoko poyerekeza ndi kwa tsiku lomwelo. Afunseni a Texas, amene mu Januwale 2010 anataya quarterback wawo Colt McCoy kumayambiriro kwenikweni kwa masewera a chikho, n'kulowetsa mwana wa chaka choyamba asanakonzeke, ndipo Alabama inawagonjetsa 37 kwa 21.

Choncho achemwali, mukakhala pansi ndi anzanuwo, za bondo zisiyeni, zachitika basi. Afunseni ngati amuna asanu akutsogolo aja ali bwino onse, makamaka amene amaima kumanzere kuteteza msana wa quarterback, chifukwa mwana watsopano wopanda omutchinga amangokhala ndiwo. Afunseni ngati wothamanga ndi mpira wawo akusewera. Ndipo masabata awiri akubwerawa muzitsatira mayina a amene akulengeza kuti sasewera kapena akusamuka, a timu yanu ndi a timu inayo yomwe, poti nawonso ali ndi mabala awo. Zimene kochi anganene kwa atolankhani musazitenge kwambiri. Makochi a makoleji amabisa zovulala ngati chinsinsi cha kudambwe, ndipo ngakhale maligi ena monga Big Ten ndi SEC anayamba kuwakakamiza kulengeza amene sasewera, munthu amene akuti "tiona tsikulo" mumakamupeza pambali pa bwalo atavala jekete.

Ngati mungapeze tikiti yotchipa ya ophunzira, pitani mukaonere, mudzatiuze mmene mwana wachiwiriyo wachitira. Za Jordan Travis, anasankhidwa ndi New York Jets mu 2024, mu ndime yachisanu. Mwendo uja sunachire bwino, ndipo mu Epulo 2025 analengeza kuti wasiya mpira, asanasewerepo mu NFL ngakhale kamodzi.