Mwana Wosungidwa ku Polisi Pamodzi ndi Akuluakulu: Yankho kwa Mayi wa ku Indiana

Mayi,

Ndawerenga kalata yanu imene mwafotokozamo kuti mwana wanu wazaka 15 anagwidwa pomuganizira kuti anaba mahedifoni m'sitolo, ndipo anakhala ku polisi kuyambira 4 koloko madzulo mpaka 11 koloko usiku, atamangidwa unyolo pabenchi limodzi ndi azibambo awiri ogwidwa pa milandu ina. Mwafunsanso ngati ndalama zimene boma lalikulu la America limapereka ku zigawo pothandiza ana olakwira malamulo zingakulipirireni loya.

Ndalamazo sizifika m'manja mwa makolo, komabe musazione ngati nkhani yosakukhudzani, chifukwa zimabwera ndi mfundo zoteteza mwana wanu. Zimaperekedwa pansi pa lamulo lotchedwa Juvenile Justice and Delinquency Prevention Act, limene pulezidenti Gerald Ford anasainira mu 1974, ndipo linakonzedwanso komaliza mu 2018. Ofesi yoona za milandu ya ana yotchedwa OJJDP, ya mu Unduna wa Zachilungamo ku Washington, ndiyo imagawa ndalamazi. Kwanu ku Indiana zimalandiridwa ndi bungwe la boma la Indiana Criminal Justice Institute, limene limalemba dongosolo la zaka zitatu, kenaka n'kupereka gawo lalikulu la ndalamazo ku maboma aang'ono ndi mabungwe olangiza ana ndi kuwapatutsa ku milandu.

Kuti chigawo chilandire ndalama zake zonse, chimalonjeza zinthu zinayi. Sichiyenera kutsekera mwana chifukwa cha zinthu zimene kwa munthu wamkulu si mlandu, monga kujomba kusukulu kapena kuthawa pakhomo, ndipo chiyenera kulimbana ndi kukondera kotengera mtundu kapena khungu pa kagwiridwe ndi kaweruzidwe ka ana. Ziwiri zotsalazo ndizo zikukhudza nkhani yanu mwachindunji. Mwana asasungidwe m'ndende kapena m'chitokosi cha akuluakulu, kupatula kwa maola osapitirira 6 pamene apolisi akulemba zokhudza iye, akudikira makolo kapena akukonza zomutumiza kumalo osungirako ana. Ndipo ngakhale m'maola amenewo, asaonane kapena kumvana mawu ndi akaidi akuluakulu. Chigawo chikaphwanya lonjezo limodzi mopitirira muyeso wololedwa, chimadulidwa 20 peresenti ya ndalama zake za chaka chotsatira pa lonjezo lililonse, ndipo chimakakamizidwa kugwiritsa ntchito theka la zotsalazo pokonza vutolo.

Malinga ndi mmene mwafotokozera, pali zinthu ziwiri zimene zikundidetsa nkhawa. Maola 7 amaposa 6, koma muyenera kudziwa kuti nthawiyo imawerengedwa pokhapokha mwana ali wotsekeredwa m'chipinda kapena womangidwa ku chinthu chosasuntha, ngati benchi kapena chitsulo cha pakhoma. Akangokhala pampando m'chipinda chosakiya akudikira inu, nthawi imeneyo siwerengedwa. Choncho mukhale naye pansi lero lomwe, mtima uli m'malo, mumufunse nthawi imene anamumanga unyolo, nthawi imene anamumasula, ndiponso ngati azibambo aja anamuyankhula, ndipo mulembe zonse mutu usanaiwale. Za benchilo ndizo zolemera kwambiri kwa ine, pakuti mwana wamantha atakhala pambali pa munthu wamkulu wogwidwa amamva zinthu zimene zimamukhalira mumtima kwa nthawi yaitali, ndipo n'chifukwa chake lamulo linaletsa zimenezi kuchokera pachiyambi penipeni.

Sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chabodza: kuphwanyidwa kwa mfundozi sikuthetsa mlandu wa mwana wanu. Chilango chake chimagwera chigawo. Komabe dandaulo lanu lili ndi kopita, chifukwa chigawo chilichonse cholandira ndalamazi chimayenera kukhala ndi njira yoyendera malo osungirako anthu ogwidwa ndi kuunika mabuku amene amalembamo nthawi imene mwana walowa ndi imene watuluka. Loya angathe kupempha zolembedwazo ndi kukapereka dandaulo ku bungwe ndalitchula lija.

Pa nkhani ya loya, ufulu wa mwana wanu sudalira ndalama za lamuloli. Unakhazikitsidwa mu 1967 ndi Khoti Lalikulu la America pa mlandu wa Gerald Gault, mnyamata wazaka 15 wa ku Arizona amene analamulidwa kukhala kumalo osungirako ana mpaka atakwanitsa zaka 21 chifukwa cha foni yotukwana, popanda loya aliyense womuimira. Khotilo linagamula kuti mwana ayenera kuuzidwa bwino mlandu wake, kukhala ndi loya, kufunsa mafunso mboni zomuneneza, komanso kusakakamizidwa kudzinenera mlandu. Ngati simungakwanitse kulipira, nenani zimenezo tsiku loyamba kukhoti ndipo mupemphe kuti khoti limupatse loya. Lamulo la Indiana limapita patsogolo pang'ono, chifukwa kawirikawiri mwana sangataye ufulu wake wokhala chete asanapatsidwe mpata wokambirana mokwanira ndi kholo lake. Ngati anamufunsa mafunso inu musanafike, muuzeni loya msanga, popeza zimene ananenazo zikhoza kukanidwa ngati umboni.

Chimene ndikukulimbikitsani kupempha ndi njira yopatutsa mwana ku khoti, imene ku Indiana amaitcha informal adjustment, yofanana ndi imene lamulo lathu la ku Malawi la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limalola pa milandu yaing'ono. Mwana amavomera kutsatira zinthu zina kwa miyezi ingapo, monga kulandira uphungu, kubweza chimene chinatayika kapena kugwira ntchito yothandiza anthu, ndipo akamaliza bwino nkhaniyo imathera pomwepo osaweruzidwa. Mapologalamu ena otere amayendetsedwa ndi ndalama zomwe mwafunsazo.

Ngati mwana wanu si nzika ya America, muuzeni loya zimenezi asanavomere kapena kusainira chilichonse. Chigamulo cha khoti la ana sichiwerengedwa ngati kupezeka wolakwa pa malamulo a zolowa ndi kutuluka m'dzikolo, koma zimene mwana wavomera kuti anachita zingathe kufunsidwa mtsogolo popempha zikalata zokhalira. Kalata iliyonse yochokera kukhoti muisunge, ndipo tsiku limene akuitanani mupite naye nokha.