Mwana wanga akukonda wantchito kuposa ine

Azakhali,

Ndili ndi mwana wa miyezi 9. Ndinabwerera kuntchito ali ndi miyezi itatu, ndiye amatsala ndi mtsikana wantchito. Masiku ano akagwa kapena akadzidzimuka amakwawira kwa mtsikanayo, ine ndili pomwepo. Apongozi anga akuti ndimuchotse asanandilande mwana. Nditani?

Mayi wa ku Chilomoni

Mayi,

Mtsikanayo musamuchotse. Mwana akamathawira kwa iye ndiye kuti masana akalira amanyamulidwa, akamva njala amadyetsedwa msanga. Wolera wodetsa nkhawa ndi amene mwana amauma thupi kapena kubisa nkhope akamuona.

Khanda silisankha munthu potengera magazi. Limazolowera amene amaliyankha tsiku ndi tsiku. Likafika miyezi 6 mpaka 8 limayamba kusiyanitsa anthu ake ndi alendo, n'chifukwa chake zaonekera kwambiri pano. Komanso limatha kudalira anthu angapo nthawi imodzi: mayi, bambo, agogo, wolera. Chimene chimalisokoneza ndi kusinthasintha olera. Mukabweretsa wachilendo pa msinkhu uno, yembekezerani kulira, kukana phala ndi kudzukadzuka usiku.

Malo anu muwalimbitse madzulo. Mukafika, foni m'chikwama, sambani m'manja, mphindi 30 zoyambirira zikhale zake. Akakukanani musamukwatule m'manja mwa mtsikanayo. Khalani pamphasa pafupi nawo, muzicheza ndi mtsikanayo, mwana abwera yekha. Pomuyamwitsa muzimuyang'ana m'maso. Akati "ba-ba" mubwezereni, kenako khalani chete ayankhe. Kubwezerana kumeneku ndi kumene kumamanga chikondi, osati zidole zodula. Kumusambitsa ndi kumugoneka ikhale ntchito yanu kapena ya bambo ake, nthawi yomweyomweyo, kanyimbo komwekomweko. Loweruka muberekeni pogwira ntchito zapakhomo.

M'mawa musamuzembe. Ambiri amatulukira kukhomo lakuseri poopa misozi, koma mwana amaphunzira kuti amayi amatha kusowa nthawi ina iliyonse, ndiye amayamba kukakamira kwambiri. Tsanzikani mwachidule, mupatsireni m'manja mwa mtsikanayo, nyamukani. Kawirikawiri kulirako sikuchedwa kutha.

Mukaona kuti sayang'ana anthu m'maso, samwetulira aliyense, kapena satembenuka mukamuitana dzina, kauzeni anamwino kusikelo osadikira tsiku lina.

Za apongozi, siyirani amuna anu akawafotokozere okha. Ndi amayi awo, akawamvera bwino kuposa inu.

Azakhali