Umenewo si nsatsi achimwene, ndi msatsimanga

Achimwene, musabzale kaye. Ndangoona chithunzi mwatumiza muno cha mtengo umene mukufuna kubzala ngati mpandawo, thupi lonse lachita tsemwe. Umenewo si nsatsi ngati mmene ena akunenera m'makomentimu, ndi msatsimanga, ndipo ngati pakhomo panu pali ana aang'ono, zoti muzungulize nawo bwalo ngati mpandazo muziganizenso kawiri. Ineyo mtengo umenewu unatsala pang'ono kundilanda mwana.

Tayang'anitsitsani chipatsocho. Cha nsatsi chimakhala ndi timinga tofewa ndipo njere zake n'zamawangamawanga. Chanucho n'chosalala, chobiriwira, chikamapsa chimachita chikasu kenako chimada n'kung'ambika patatu, m'katimo muli njere zitatu zakuda bii, zotalika pafupifupi masentimita 2. Thyolani tsamba limodzi muone utomoni wamadzimadzi, womata, woti ukadonthera pa chovala banga lake silichoka. Ubale ulipo ndithu, chifukwa nsatsi, chinangwa, mtengo wa raba ndi msatsimanga onse ndi a banja limodzi la Euphorbiaceae, banja lodziwika ndi utomoni komanso chiphe. N'chifukwa chake anthu amasokoneza.

Ife anatibweretsera ndi bambo wina wovala bwino, mbande zili m'machubu, pakamwa pali uchi. Inali nthawi ija dziko lonse linapenga ndi nkhani ya mafuta a galimoto ochokera ku zomera. Kumapeto kwa 2008 ndege ya Air New Zealand inauluka injini yake imodzi ikumwa mafuta osakaniza theka ndi theka ndi a msatsimanga, ndiye aliyense ankaona ngati chuma chapezeka. Bamboyo anati mtengowu umamera ngakhale pathanthwe, sufuna mvula, sufuna manyowa, inu bzalani basi, njere tidzagula tokha. Analankhula maola awiri. Pa maola awiri onsewo mawu oti "chiphe" sanatuluke m'kamwa mwake ngakhale kamodzi. Ana ankasewera pomwepo iye akuwaona!

Mitengoyo tinabzala, inakula n'kuyamba kubereka. Tsiku la ngoziyo ndinkachapa kuseri kwa nyumba. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 4 nthawi imeneyo, ndi msuweni wake wamkulupo pang'ono anali phee pansi pa mpanda, ndipo ine ndinkasangalala kuti sakuvuta. Ndinkamva kuti go, go, go, mwala ukumenya mwala, osadziwa kuti akuswa njere. Ola lisanathe mwana anabwera atagwira pakhosi, "Amayi, mukuwotcha umu." Asanamalize n'komwe anayamba kusanza. Anasanza, anasanza, mpaka m'mimba munatha zonse n'kumangotuluka thovu. Kenako kutsekula, madzi okhaokha, osaima. Ndimati ndim'sinthe chovala, ndisanamange n'komwe chaipanso. Pom'vula diresi ndinapisa dzanja m'kathumba, ndinapeza makoko akuda odzaza. Miyendo yanga inafooka pomwepo.

Ndinachita zopusa chifukwa cha mantha, ndipo ndikunena kuti wina asadzabwereze. Ndinam'lowetsa chala kukhosi ati atulutse zotsala, mwana woti akusanza kale. Ndinam'kakamiza mkaka, wonse unabwerera. Ndinataya nthawi. Pofika kuchipatala n'kuti maso atalowa m'kati, milomo itauma gwaa, khosi lili lende, ndikam'tchula dzina akungotsegula diso limodzi. Namwino anatsina khungu la pamimba, linangoima osabwerera. Anandifunsa kuti wadya zingati, ine kukamwa yasa. Msuweni wake uja, nayenso akusanza pabenchi, ndi amene anatambasula dzanja kusonyeza zala zisanu. Mtsempha unasowa. Anabaya kudzanja lamanja osaupeza, lamanzere osaupeza, kachitatu m'pamene singano inalowa, ndipo mwana wanga sanalire ngakhale pang'ono. Kusalirako ndi kumene kumandidzutsabe usiku mpaka lero. Ndinachezera kuwerenga madontho a diripi mpaka kunja kunacha. Anandiuza kuti mankhwala enieni othetsa chiphe chimenechi palibe, chimene amachita n'kubwezeretsa madzi m'thupi. Tinatuluka patatha masiku awiri.

Ndinaimbira bambo uja foni ndili ndi mkwiyo. Anandiyankha kuti ana n'ngofunika kuwayang'anira. Tangoganizani! Munthu wabweretsa chiphe pakhomo panga osandichenjeza, mlandu n'kukhala wanga. Pofika nthawi yogula njere nambala yake inali itasiya kugwira, matumba anangofukwa m'nyumba. Ndimakwiyabe, ndipo ndikaona wina akulemba muno kuti "ndi mankhwala achilengedwe, palibe vuto" magazi amandiwira.

Zitachitika zimenezi ndinaufufuza mtengowu ngati mdani. Dzina lake la sayansi ndi Jatropha curcas, koma Jatropha si mtengo umodzi ayi, ndi fuko lonse la mitengo ing'onoing'ono ndi zitsamba, mitundu yoposa 170. Dzinalo analikhazikitsa ndi katswiri wa zomera Linnaeus mu 1753, kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza sing'anga ndi chakudya. Mwina n'zimene zimapusitsa anthu. Zoona, kalekale ankamwa mafuta ake ngati mankhwala otsuka m'mimba, koma mphamvu yotsukayo ndi yomweyo imene inagwetsa mwana wanga. M'njeremo muli ziphe zotchedwa curcin ndi ma phorbol esters, ndipo ma phorbol amenewa ngakhale mukazinge njerezo sathamo. Choopsa n'chakuti njerezo siziwawa. Zimakoma ngati mtedza, mwana salavula.

Mitundu yambiri ya fukoli kwawo ndi ku America wotentha uja, kuyambira Mexico kutsika mpaka Brazil ndi zilumba za Caribbean. Ina ndi ya mu Africa momwe, makamaka kumalo ouma a ku Somalia, Ethiopia ndi Kenya, ndipo Madagascar ndi chilumba cha Socotra zili ndi yawoyawo yosapezeka kwina. Koma wanuwo, curcas, ndi mlendo wochokera ku Mexico ndi Central America. Amalinyero a Chipwitikizi ndi amene anaufalitsa kudzera ku zilumba za Cape Verde, kumene njere zake zinkatumizidwa ku Lisbon kukapangira sopo ndi mafuta a nyale, mpaka unafika mu Africa monse ndi ku India. Ku Madagascar amaubzala kuti vanila aziyangapo. Ku Mexico kokha kuli mtundu wina wa curcas wopanda chiphe umene anthu amakazinga n'kudya, ndipo pali ena amawerenga zimenezo n'kuganiza kuti uliwonse ndi choncho. Ndi maso simungasiyanitse. Musayese.

Ndipo musamangoopa wa mpanda yekhayu. Abale ake ali m'miphika ya maluwa pamakonde a anthu. Uja wa tsinde lotupa ngati botolo, wa timaluwa tofiira pamwamba, ndi Jatropha podagrica. Uja wa masamba ong'ambikang'ambika ngati zala zambirimbiri ndi multifida. Wa maluwa ofiira owala wochokera ku Cuba ndi integerrima. Palinso gossypiifolia, wa masamba ofiirira ndi tiubweya tomata, amene ku Australia anafalikira m'malo odyetsera ng'ombe mpaka boma linauika m'gulu la zomera zowononga kwambiri. Onsewa njere zawo n'zoopsa kwa mwana.

Za kumera pathanthwe zija, theka linali loona. Mtengowu sufa wamba. Chilala chikafika umayoyola masamba onse n'kutsala timitengo totuwa, mvula ikangogwa waphukanso. Koma kukhala moyo ndi kubereka n'zosiyana. Pa nthaka yoguga ndi mvula yochepa umangopatsa tizipatso towerengeka. Maluwa aamuna ndi aakazi amakhala pamtengo umodzi, aamuna ndiwo ochuluka kwambiri, ndiye zipatso zimadalira aakazi ochepawo ndi njuchi. Zipatsozo sizipsanso nthawi imodzi, umatola lero, mawa zina, ntchito yosatha. Mafuta alimo ndithu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a njere, koma zotsalira mukayenga simungapatse nkhuku kapena nkhumba. Chisanu chimauwotcha, palowe mizu imaola.

Ndiye langizo langa ndi lakuti umene wamera kale pafupi ndi nyumbawo zulani, ndi mizu yomwe, chifukwa mukangodula umaphukira pachitsa. Valani zamanja, utomoni usakugwereni m'maso.

Komabe ndinene zoona, ine sindinazule wonse. Wa kudimba ndinausiya ndipo chaka chatha ndinawonjezera mzere wina. Palibe mpanda wina umene unandithandiza pa mbuzi ngati umenewu, zimangonunkhiza n'kubwerera, ng'ombe nazonso chimodzimodzi. Mukafuna wa choncho, dulani nthambi zokhwima zotalika ngati mkono, zikani mothithikana mvula itatsala pang'ono kuyamba, zimagwira mosavuta. Dziwani kuti wa nthambi sukhala ndi muzu waukulu wopita pansi ngati wa njere, ndiye mphepo yamphamvu imatha kuugwetsa ndipo chilala umachimva msanga. Muziudulira pamwamba chaka chilichonse usatalike, chifukwa ukausiya umafika mamita 5, ndipo zipatso muzithothola zikadali zaziwisi n'kuzikwirira. Ine ndimayendera mzere wonse ndi ndowa, ndipo ana a pakhomo pano ndinawatengera pamtengopo mmodzimmodzi, kuwaonetsa njere m'manja, kuwauza chimene chinachitikira mkulu wawo.

Zikachitika kuti mwana wadya, musadikire kuti muone ngati ayambe kusanza, musam'patse mkaka kapena mafuta, musam'lowetse chala kukhosi. Tengani nthambi ya masamba ndi zipatso zingapo kuti achipatala akaone chimene wadya, funsani anzake amene anali naye chifukwa nthawi zambiri sadya yekha, muzim'mwetsa madzi a ORS pang'onopang'ono m'njira ngati akutha kumeza, ndipo nyamukani nthawi yomweyo. Achimwene, tajambulaninso pansi pa mtengowo mutitumizire, ndikufuna ndione ngati pagwa kale njere.