Kodi n'kupanda ulemu kuwasiya amayi adzimange okha chitenje?

FUNSO: Amayi anga, a zaka 74, adadwala sitiroko chaka chatha ndipo dzanja lawo lamanja lidafooka. Kuchipatala, wophunzira wa occupational therapy adatilangiza kuti tisamawachitire zonse, koma mtima umandiwawa ndikamawaona akulimbana ndi chitenje ife ana awo tili pomwepo. Kodi malangizowa ali ndi maziko? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Mayi, chifundo chanu n'chomveka, koma wophunzirayo adakuuzani zoona. A physiotherapy amalimbitsa minofu ndi kayendedwe, pamene a occupational therapy amayang'ana ntchito zimene munthu amachita kuyambira podzuka mpaka pokagona, monga kusamba, kuvala ndi kudya, ndipo ntchito zomwezo ndizo amazisandutsa mankhwala. Dzanja lofooka likangokhala pamwendo tsiku lonse limauma, ndipo ubongo umasiya kuliwerengera.

Nkhaniyi idafufuzidwa. Mu 1999, Marion Walker ndi anzake ku Nottingham adapeza kuti odwala sitiroko amene ankayenderedwa kunyumba ndi akatswiriwa ankatha kudzisamalira bwino kuposa amene sadayenderedwe. Mu 2012, gulu la Lindy Clemson ku Sydney lidaphunzitsa okalamba a zaka 70 kapena kuposerapo kulimbitsa miyendo mkati mwa ntchito zapakhomo, ndipo kugwa kudachepa ndi 31 peresenti. Chondidetsa nkhawa n'chakuti kafukufukuyu adachitikira m'nyumba za mipope ndi zimbudzi zokhalira, choncho wophunzira wa kuno ayenera kuganizira yekha za mphasa, bafa la udzu ndi chimbudzi chokumba.

Pophunzira, a occupational therapy amazolowetsedwa kugawa ntchito imodzi m'tizigawo kuti aone pamene wodwala akukanika. Pomanga chitenje, amayi anu ayambe atakhala pampando wolimba, dzanja lofooka lipanikize nsonga ya chitenje m'chiuno pamene lamanzere likuzunguliza, ndipo inu muthandize pokhapo pamene pawavuta. Chogwirira cha supuni chikulungeni ndi nsanza kuti chinenepe, chifukwa zala zofooka zimagwira bwino chinthu chachikulu, ndipo musawakoke dzanja lodwalalo powadzutsa, popeza phewa lake silichedwa kuvulala. Kuchimbudzi aikireni mpando woboola pakati ndi mtengo wogwirira wozikidwa zolimba.

Mukapitanso kuchipatala, muuzeni wophunzirayo mmene khomo lanu lilili, ndipo mufunse ngati amayi angatumizidwe ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, chipatala chothandiza anthu ofooka ziwalo.