Fani ya rediyeta ikakana kuzungulira, musathamangire kuilumikiza mwachidule

Bambo wina wa ku Dzivarasekwa mu Harare wandilembera kalata ya pa imelo sabata ino. Akuti ali ndi Toyota yaing'ono yochokera ku Japan, ndipo akamayenda mothamanga pa msewu wa ku Bulawayo zonse zimakhala bwino, koma akangolowa mu mdipiti wa magalimoto mu msewu wa Samora Machel m'tauni, singano ya kutentha imayamba kukwera. Atatsegula boneti anapeza kuti fani siikuzungulira ngakhale pang'ono. Makaniko amene anamuonetsa anati angoilumikiza mwachidule kuti izizungulira nthawi zonse makiyi akatembenuzidwa, ndipo bamboyu akufunsa ngati avomere.

Bambo, yankho langa ndi lakuti musavomere, ndipo ndifotokoza chifukwa chake, koma ndiyambe ndi zimene mwaona, popeza zikutiuza zambiri. Galimoto ikamathamanga, mphepo yolowa kutsogolo imaziziritsa rediyeta payokha, ndipo fani siifunika kwenikweni. Imafunika pamene mwaima kapena mukuyenda pang'onopang'ono. Kotero galimoto yotentha pa mdipiti pokha, ikuzizira pa msewu waukulu, nthawi zambiri ili ndi vuto la fani, osati la pampu ya madzi kapena rediyeta yotsekeka.

Musanagwire chilichonse, dikirani injini izizire kotheratu. Chitsekero cha rediyeta sichitsegulidwa injini ili yotentha, chifukwa madzi a mkatimo amakhala opanikizika ndipo amatumphuka n'kuwotcha nkhope ndi manja. Fani yamagetsi nayo ikhoza kudzidzimuka yokha, choncho mukafuna kulowetsa dzanja pafupi ndi mapiko ake, chotsani kaye waya wa negative pa batire.

Yambani ndi madzi. Ambiri amadumpha apa poganiza kuti vuto la fani ndi la magetsi basi, koma sensa imene imayeza kutentha iyenera kumira m'madzi kuti igwire ntchito moyenera. Madzi akachepa, kapena mpweya ukatsekeredwa m'mapaipi, sensa imanena zabodza ndipo fani siilandira lamulo loti iyambe. Madzi akakhala okwanira, lizani injini ndi kuyatsa AC, makina oziziritsa mpweya mkati mwa galimoto. Pa magalimoto ambiri, ngati AC ikugwira ntchito, fani imayamba kuzungulira nthawi yomweyo. Ikazungulira, dziwani kuti mota yake ndi yamoyo ndipo kukayikira kwanu kupite ku sensa. Ikakhala duu, tsegulani bokosi la mafyuzi la pansi pa boneti.

Kunsi kwa chivindikiro cha bokosilo kumakhala chithunzi chosonyeza fyuzi ya fani, imene kawirikawiri imakhala ya 30 kapena 40 amp. Ngati yapsa, ikani ina ya nambala yomweyo, osati yokulirapo, ndiponso osati kachidutswa ka waya kamene ena amakulungapo. Fyuzi yatsopano ikapsanso msanga, vuto lenileni lili kwina: mota yalimba ndipo ikukoka magetsi ochuluka, kapena waya wasupuka n'kukhudza chitsulo. M'bokosi lomwelo muli relay ya fani, kaswichi kamene kamayatsa ndi kuzimitsa magetsi opita ku fani. Njira yosavuta yoiyesera ndi kuisinthanitsa ndi ina, monga ya hutala, koma pokhapokha ngati ziwirizo zili ndi nambala ndi chithunzi chofanana, chifukwa pali ma relay ofanana maonekedwe koma osiyana magwiridwe.

Zikakanika apo, yesani mota yeniyeniyo. Injini ili yozima, zunguzani mapiko ndi chala kuti mumve ngati akuyenda momasuka kapena akugwiragwira. Kenako zulani pulagi ya fani, muyang'ane ngati yasungunuka kapena yachita dzimbiri, ndipo ngati ili ya mawaya awiri, ipatseni magetsi a 12 volt kuchokera ku batire kudzera pa waya wokhala ndi fyuzi. Mota yabwino imazungulira mwamphamvu pompo. Imene imayamba pokhapokha mwaigogoda pang'ono ndiye kuti ma brush ake, timakala topereka magetsi mkati mwa mota, atha, ndipo kugogodako kungokufikitsani kunyumba basi. Fani ya mawaya atatu kapena yokhala ndi kabokosi koilamulira musaiyese motere, isiyireni wodziwa zamagetsi a galimoto.

Fyuzi, relay ndi mota zikakhala zabwino, yatsala ndi sensa ndi mawaya ake. Pa magalimoto ambiri, mukazula pulagi ya sensa ya kutentha injini ikulira, kompyuta ya galimoto imayatsa fani pofuna kuteteza injini, ndipo zikatero mwatsimikiza kuti njira yonse ya magetsi ili bwino, yolakwa ndi sensa. Nyali ya injini idzayaka pa dashboard chifukwa cha kuyesaku, musadabwe nazo. Makina oyezera a OBD, amene amakaniko ambiri mu Harare ali nawo tsopano, amaonetsa kutentha kumene kompyuta ikuona, ndipo ngati ikunena kuti injini ndi yozizira pamene rediyeta siikugwirika, mlandu watha.

Pali chinthu chimodzi chimene ife a mu Harare tiyenera kuchikumbukira. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuno madzi osapanikizidwa amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100. Mafani a magalimoto ambiri amayamba kuzungulira kutentha kukafika chapomwepo kapena kupitirira pang'ono. Izi zikutanthauza kuti galimoto yothiridwa madzi a pampopi okhaokha, yokhalanso ndi chitsekero cha rediyeta chofooka, ikhoza kuyamba kuwira fani isanafike nthawi yake yoyambira, ndipo mwini wake amaimba mlandu fani yosalakwa. Chitsekero chabwino ndi madzi osakaniza ndi mankhwala a m'rediyeta otchedwa antifreeze, theka ndi theka, zimakweza mlingo wowirira, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala.

Tibwerere tsopano ku funso lanu. Kulumikiza fani mwachidule ndi chithandizo cha pangozi, chokutulutsani pa msewu, ndipo ngakhale pamenepo payenera kukhala fyuzi. Kuisiya choncho kwa miyezi kumatopetsa mota imene inapangidwa kuti izipumira, kumalemetsa alternator imene imachaja batire, ndipo waya wopanda fyuzi wodutsa pafupi ndi injini yotentha ukhoza kuyambitsa moto. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti njirayi imabisa matenda. Ngati yolakwa ili sensa imene kompyuta imadalira, sensa yomweyo ndi imene imathandiza kuyeza mafuta olowa mu injini, ndiye fani izizungulira bwinobwino pamene galimoto ikumwa petulo wochuluka, inu osadziwa chifukwa chake. Ngati makanikoyo anenanso zochotsa thermostat, kavalavu kamene kamathandiza injini kufunda msanga, kanani ndithu, popeza injini yochedwa kufunda imawononga mafuta ndipo imatha msanga.

Ndikupemphani kuti musagule fani yatsopano musanayese zonsezi, chifukwa ndaonapo anthu akugula mota ya ndalama zambiri pamene chofa chinali relay yotsika mtengo. Mukamapita kukasaka chipangizo mu Kaguvi Street kapena ku Gazaland ku Highfield, nyamulani chakalecho m'manja kuti mufananize nambala ndi pulagi, ndipo mota yogwiritsidwapo kale ntchito muiyese pa batire musanapereke ndalama. Pamene mukudikira kukonza, pewani kulowa m'tauni nthawi ya mdipiti. Singano ikayamba kukwera muli pa msewu, zimitsani AC, yatsani hita mpaka kumapeto mazenera ali otsegula kuti ichotseko kutentha kwina, ndipo ikayandikira pofiira, imani pambali ndi kuzimitsa injini, chifukwa mphindi zochepa zoumirira ndi zokwanira kuwotcha gasket ndi kupotoza head ya aluminiyamu, chigawo cha pamwamba cha injini.